Tseka Chitseko, Kuzizira Kukuthawa

Ndinali nditafika kale kunyumba pomwe ndinakumbukira kuti sindinayatse makina ogwedeza. Maantibodi, mankhwala amene ndinathira pa maselo omwe ndinkafufuza, anali otsiriza, ndipo tinawadikira miyezi isanu. Amafunika kugwedezeka usiku wonse m'chipinda chozizira kuti amatirire pa timakutu ta maselo, tija timamva lamulo loti selo likule. Akangokhala phee, ntchito yonse yawonongeka.

Ndinabwerera ku labu, kuntchito kwathu, mdima utangogwa.

"Mwachedwatu, amayi," anatero mlonda ponditsegulira geti. "Achikulire aja alowa kale."

"Achikulire ati, bambo?"

"A imvi aja. Otsimphina."

Ndinamuyang'anitsitsa. Mlondayu wayamba ntchito mwezi wathawu. Achikulire a imvi otsimphina, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, tinawaika m'manda chaka chatha.

M'chipinda chozizira ndinapeza makina akugwedezeka pang'onopang'ono, pa liwiro lomwe iwo ankalikonda, lija ine ndinalisiya kalekale. Pa kabokosi kanga ka maselo panali patamatidwa kapepala, inki isanaume: "Wathira ochepa. Ndawonjezera."

Kuwonjezera kuchokera kuti? Kabotolo ka maantibodi ndinakakhuthula ndekha masana. Ndinakanyamula n'kukayang'ana pa getsi. Kanali kodzaza mpaka m'khosi.

Ndinayamba kubwerera cham'mbuyo, dzanja likufufuza chitseko.

"Tseka chitsekocho, mwana iwe, kuzizira kukuthawa."

Mawu awo enieni, omwe ankandikalipira nawo tsiku ndi tsiku. Ndipo ine, ndi chizolowezi cha zaka zisanu ndi ziwiri, sindinaganize kawiri. Ndinatseka.

Ndili m'kati.