Laibulale ya Faustina

Kachinayi tsopano, Faustina anayatsa kompyuta ya kalabu ya alimi pa Mtunthama n'kupeza pulogalamu yojambulira mawaya yaiwalanso laibulale yake. Mutu unamuima. Mu laibulaleyo munali zithunzi za tizipangizo ta magetsi, ndipo popanda iyo pa sikirini pankangooneka mabokosi opanda kanthu. Mayiyu ankakonza kamakina koyeza kutentha m'mabalani a fodya, kuti alimi asamapsereze masamba.

Dzulo lake anali ataiuza pulogalamuyo malo a laibulale pa fulashi yake, n'kusunga, n'kutsimikiza kawiri. Lero zinali ngati sanagwirepo n'komwe.

Pa kompyuta, Faustina sankadzikayikira. Ankakonda kukumbutsa anthu kuti chaka china, mayina a olandira makuponi a feteleza atayamba kusinthidwa mwachinyengo pa makina omwewa, ndi iye amene anathetsa chibwanacho tsiku limodzi. Ndiye vuto linali munthu basi. Munthuyo anali a Zakeyo, mesenjala wachikulire amene ankasesa ndi kuzimitsa kompyuta madzulo aliwonse. Mwana wawo ankagulitsa matemometa a m'balani pamsika, ndipo kamakina ka Faustina kakanamuphera malonda. Apa panalibenso zoombeza ula.

Atafunsidwa ndi Faustina pamaso pa apampando a kalabu, a Zakeyo anati amangodina batani limodzi lomwe anaphunzitsidwa.

"Amayi, ine ngakhale dzina langa sindingathe kulemba pamenepo," anatero.

Apampando anawalanda makiyi. Bambowo anatuluka chipewa chili m'manja, zaka khumi ndi ziwiri za ntchito zitathera pomwepo. Faustina zinamukhudza ndithu, koma anadzilimbitsa mtima poti chisoni chinapha nkhwali.

Masana anakhoma chitseko ali m'kati, nailozeranso pulogalamuyo laibulale yake. Zonse zinabwerera m'chimake, mpaka anayamba kuimba kanyimbo ka kwaya. Cha m'ma 3 koloko magetsi anaphethira monga mwa chizolowezi chawo. Kompyuta inazima, kenako n'kudzukanso.

Pulogalamu inali itaiwalanso laibulale. M'chipindamo munalibe munthu wina aliyense.

Faustina anafufuza uku ndi uku mpaka maso ake anagwa pa kachizindikiro ka loko pakona ya sikirini, kamene anakazolowera mwakuti anasiya kukaona. Atakadina, panatuluka mawu akuti makinawa akazima amafufuta chilichonse chimene munthu wasintha, n'kubwerera momwe analili tsiku limene anakhomedwa.

Pansi pake panali tsiku lokhomalo, chaka chija cha mayina a makuponi, komanso dzina la wokhoma. Dzinalo linali lake. Makiyi a bambo aja anali akadali patebulo, pafupi ndi chigongono chake.