Makhadi a Bambo Zacheus

Makhadi anali atagwanso. Mazana anayi onse mbwee pakapeti, ena mpaka kunsi kwa sofa.

Mayi Winfrida anawatola mawondo akulira, n'kuwaunjika patebulo pamaso pa amuna awo. Bambo Zacheus anayang'ana shelefu ya pamwamba pa chitseko, pomwe bokosi la makhadiwo limakhala, n'kupukusa mutu.

"Anesi, sitima izi zitimaliza," anatero.

Sitima za panjanji ya District line zimadutsa kuseri kwa nyumba yawo ku Barking, kutsidya kwa nyanja komwe anasamukira, ndipo zikamadutsa makapu amalira m'kabati. Koma chimene chinawalasa mayiwo ndi mawu akuti anesi. Zaka makumi atatu m'banja, ndiye lero nesi? Chiyambire Isitala wa 2006, dzina lawo linali litayamba kusowa m'mutu mwa bamboyo, ndipo ankaopa kuti tsiku lina lidzapitiratu.

Makhadiwo sanali a juga ayi. Mu 1974, ku Salisbury komwe lero ndi Harare, Zacheus, mwana wa munthu wa ku Dedza wogwira ntchito m'mafamu, analemba pulogalamu ya kompyuta m'chinenero cha Fortran, yowerengera mphamvu ya madzi pakhoma la damu. Njira yake inali yoleza mtima: kuyerekeza yankho, kuona pomwe laphonya, kukonza, n'kubwerezanso mpaka cholakwa chitachepa. Lamulo lililonse linkabooledwa pa khadi lakelake, ndipo makhadi awiri okha akasemphana, kompyuta inkalavula zopanda mutu. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi ankajambula mzere wopendekera wa inki pamsana pa mulu wonse, kuti akagwa uwabwezere mwakale. Mtsikana amene ankaboola makhadi ndi kupita nawo kuchipinda cha makina anali Winfrida.

Foni inalira. Anali Chiedza, mwana wawo wa ku Tottenham.

"Agwanso? Mami, kungowataya basi. Akuwazunza Dadi, nanunso ndi mawondo anuwo. Loweruka ndibwera ndidzawachotse."

"Ndamva, mwanangu," anayankha mayiwo. "Anditopetsadi."

Bambo Zacheus anali atayamba kale ntchito. Munthu wosatha kuimirira yekha, wotaya tiyi pachifuwa, koma pamakhadi zala zinkadziwa njira. Ankatenga khadi, kuliyesa pa mulu, kuona pomwe kadontho ka inki kaphonya, kulisuntha, kuyesanso. Inkiyo inali itafufuma. Mwezi watha ankamaliza m'maola awiri, koma lero nthawi ya nkhomaliro inadutsa mulu uli pakati.

Mayi Winfrida anakhala pampando wamatabwa kunsi kwa shelefu, osalawa kanthu.

Mwadzidzidzi bamboyo anangoti duu, khadi lili m'manja, maso ali kukhoma ngati munthu wotsika pa siteshoni yolakwika. Sitima inadutsa, makapu analira. Inadutsa ina. Mayiwo mantha anawagwira, anapemphera chamumtima kuti Ambuye, lisakhale lero.

Kenako dzanja la bamboyo linasuntha.

Cha m'ma 4 koloko mzere unalumikizana kuchokera pangodya kufika pangodya. Bambo Zacheus anagunditsa muluwo patebulo kuti ufanane, n'kukweza maso. Anali maso a kale aja.

"Winfrida, thamangitsa awa kumakina asanatseke. Usagwetse, wamva?"

"Sindigwetsa, bambo a Chiedza."

Anawalandira ndi manja awiri misozi ikutsika. Sipanapite mphindi zisanu bamboyo anafunsa anesi ngati tiyi wapsa.

Mayi Winfrida anaika makhadi m'bokosi, anakwera pampando paja akubuula, n'kulikankhira mkatikati mwa shelefu, pomwe Chiedza sangalione. Sitima sizinagwetsepo kanthu m'nyumba muno. Mawa m'mawa, bambo asanadzuke, adzakweranso pampando womwewo n'kulikhuthulira pansi ndi manja awo, kuti amvenso dzina lawo kamodzi.