Msonkhano wa Mayi Namakhwa

"Mukandisankha kukhala khansala, mlatho uja tiukonza mvula isanagwe!" anakuwa Mayi Lestina Namakhwa ataimirira pampando wobwereka kutchalitchi.

Anzawo othyola nawo tiyi ku esiteti anaomba m'manja. Mayiwo anali atagulitsa mbuzi zawo zitatu kuti dzina lawo lilowe papepala lovotera, choncho kumsonkhanoko anangobwera ndi pakamwa pokha.

Ali mkati molankhula, lole ya wopikisana nawo, mwini magolosale wa ku Thekerani, inaliza hutala kumsewu.

"Akugawa nsalu ndi ndalama!" wina anafuula.

Bwalo lonse linathamangira konko. Anatsala ndi amuna awo okha, a Goodson, nawonso maso ali kumsewu.

"Pitani bambo, ndakuonani," anatero Mayi Namakhwa akutsika pampando, uku akudziseka. "Mbuzi zitatu zandigulira voti imodzi, nayonso miyendo ikuyabwa."

"Ndingokaona chabe, mayi."

"Mukaonere pamzere. Ndipo nsalu mukatenge ziwiri."

"Za nkhope ya mdani wanu?"

"Nanga mawa kumsonkhano wanga wa ku Mphuka ndikavala chiyani?"