Chidindo cha Shigeru

"Ndaiwala chidindo changa kunyumba ku Morioka," anatero mwana wanga Shigeru, akupapasa matumba a jekete.

Bodza lenileni. Munthu ameneyu sanaiwalepo ngakhale ambulera.

Pepala lovomereza linali patebulo la adokotala. Kuno sitisaina, aliyense amadinda ndi chidindo cha dzina lake, ndipo mkazi wa Shigeru, Kanae, anali atadinda kale lake ndi inki yofiira. Malo a bambo ndiwo anali opanda kanthu. Ine ndinali nditafukata mdzukulu wanga Fumika, wa zaka zitatu, mutu uli lende ngati wa khanda. Matenda akumtundu amene anabadwa nawo anayamba n'kumuletsa kukhala tsonga, tsopano akumuletsa kumeza.

"Tidzaboola chigaza n'kuthira mu ubongo mankhwala okonza chibadwa," anabwereza adokotala. "Tayesa pa ana asanu ndi awiri okha, ndipo mmodzi sanadzuke. Mukapanda kudinda lero, malowa tipatsa mwana wina."

"Ndiye zakanika," anatero Shigeru, akuimirira.

Ndinapisa m'chikwama n'kuika chidindocho patebulo, kho! Ndinachipeza m'mawa atachibisa pansi pa masokosi.

"Amayi! Mwayamba kuba tsopano?"

"Ndinakubereka ndine, iwe. Khala pansi."

"Nanga akapanda kudzuka?"

"Tidzalira tonse. Ukufuna ndikunamize?"

Anachitola, inki n'kumudetsa chala. Kanae anatembenukira kukhoma. Fumika anatsamwa ndi malovu, ine n'kumupendeketsa, n'kumupukuta pakamwa.

"Amayi, ndigwireni dzanja, tidinde limodzi."

"Manja anga ali ndi mwana, sukuona? Dinda wekha, apo ayi umuyang'ane mkazi wako m'maso, umuuze kuti wakana."