Mpeni Wonyezimira wa Gbenga

"Chadzimbiri chimenechi n'chimene anthu akulimbirana?" Gbenga anakalipa akuonetsa mkazi wake foni. Pagulu la pa intaneti la okonda mipeni yakale yopinda, mpeni wa Rotimi, wogulitsa mnzake wa mu Ibadan momwemo, unali utafika pa mtengo wa ndalama za naira zikwi mazana atatu.

Nsanje inamutentha mtima. Anatulutsa wake wofanana nawo, n'kuukwecha ndi sandipepa mpaka unawala ngati galasi.

"Aone mpeni weniweni tsopano," anatero potumiza chithunzi pagulupo.

Mayankho sanachedwe.

"Chidindo cha wosula chapita kuti?"

"Mwaupha mpeniwu, bambo. Muzikasendera zilazi."

Posakhalitsa Rotimi anamuimbira foni akuseka chikhakhali.

"Achimwene, Mulungu akudalitseni! Yotere inalipo iwiri yokha mumzinda muno. Wangawu ndaukweza mtengo."