Tsache Lili Padenga

Masiku atatu pachaka palibe amene amaloledwa kusesa m'mudzi mwathu. Ndi nthawi imene makina oonera kumwamba a paphiri loyandikana nafe amayezedwa ndi nyenyezi zisanu zimene kuwala kwake sikusintha. Fumbi likakwera, zisanuzo zimaoneka zozilala, ndipo miyeso ya chaka chonse imalakwika.

Tsiku losesa maliro a bambo linagwera momwemo. Tsache linali padenga, ndipo amayi ankangozungulira bwalo, maso ali pa phulusa la moto umene anthu ankaotha pamaliro.

"Achimwene, kawauzeni abwana anu adikire," ndinatero kwa a Lekeleni, amene amagwira ntchito kuphiriko.

"Sizingatheke, Tiyanjane. Fumbi likachokera pano adziwa, ndipo ntchito yanga yatha."

"Nanga bambo ako achoka bwanji pakhomo posasesa?" anafunsa amayi.

Amayi anakhala pansi, anaimiriranso, kenako anatenga lichero n'kugwada. Anayamba kuwola phulusa ndi manja, pang'onopang'ono, kuti fumbi lisadzuke. Achimwene anayang'ana kuphiri kanthawi, anavula nsapato za kuntchito, n'kugwada pambali pawo.