Bwana Lipirani ndi Chitseko cha Amayi Ake

Panali munthu wina amene anatsegula tsamba la pa intaneti lofufuzira amisiri. Amene anandiuza nkhaniyi akuti zonsezi anaziona ndi maso ake. Ukafuna wokonza mipope kapena wa magetsi, unkangolemba pa foni, tsambalo n'kukupatsa manambala. Nzeru yake inali yabwino ndithu. Koma mmisiri aliyense wofuna kuoneka pa tsambalo ankayenera kulipira mwezi ndi mwezi, ndipo wolipira zambiri ndiye ankakhala pamwamba. Mawu a mkuluyu anali amodzi: "Lipirani kaye." Anthu anamupatsa dzina loti Bwana Lipirani, iye n'kumaliyesa ulemu.

Akazi ake anamuchenjeza kangapo.

"Abambo, munthu akamafufuza amafuna apeze onse, osati okhawo amene akupatsani ndalama. Masamba ena aja, olemba amisiri mwaulere, ali ndi aliyense, n'chifukwa chake anthu amathamangira komweko. Anthu akachuluka, otsatsa malonda amabwera okha."

"Mayi, zaulere ndi za anthu osadziwa bizinesi. Kodi sopo mumagula ndi zikomo?"

Ofesi yake inali m'galaja la pa nyumba pake. Tsiku lina kunafika bambo wina wokonza maloko, chikwama cha zipangizo chili pa phewa.

"Bwana, mundilembeko pa tsamba lanu. Ndalama pakadali pano ndilibe, koma ntchito ndimaitha. Ndimakhala pompano, kuseri kwa sitolo ya utoto."

Bwana Lipirani sanachotse n'komwe maso pa kompyuta. "Lipirani kaye."

Bamboyo anathokoza n'kumapita.

Kuseri kwa nyumbayo kunali kanyumba komwe ankakhala amayi ake a Bwana Lipirani. Chitseko chinali chachitsulo, mawindo onse otchinga ndi zitsulo. Loweruka lina m'mawa, gogowo sanatuluke kudzamwa tiyi. Mpongozi wawo atasuzumira pa windo anakuwa. Gogo anali pansi, pakamwa patapotoka, dzanja limodzi losagwedera. Chitseko anali atakhoma m'kati, kiyi ili pa loko pomwepo.

Bwana Lipirani anamenya chitseko ndi phewa, koma chitsulo sichimva phewa. Anatulutsa foni, n'kulemba "maloko" pa tsamba lake. Panabwera mayina atatu okha.

Woyamba atamuimbira anati, "Ife timangogulitsa maloko, bwana, kutsegula sitidziwa. Tinalipira kuti tizioneka pamwamba basi."

Wachiwiri anati anasamukira tauni ina chaka chatha. Wachitatu foni inkangoitana.

"Abambo, ndifufuze pa tsamba laulere lija," anatero akazi ake.

Apa ndiye pamene ine mutu umandiimira. Anthu oyandikana nawo anali atadzadza kale pa geti. Mkuluyu anawayang'ana, kenako analanda foni ya akazi ake n'kuiika m'thumba.

"Pa nyumba panga? Anthu onsewa aone mwini tsamba akufufuza pa la anzake? Mawa ndigulitsa chiyani?"

"Ndi amayi anu ali pansiwo!"

"Ndithana nacho ndekha."

Anatenga hamala n'kuyamba kumenya loko. Anamenya, thukuta kamukamu, n'kumapumira kuimbiranso wachitatu uja. Loko inangophwanyika kunja, m'kati ili nganganga. Pa windo, gogo ankangowayang'ana, misozi ikutsika mbali imodzi. Ola lathunthu linatha chonchi.

Mapeto ake akazi a Bwana Lipirani anatuluka pa geti, n'kubwereka foni ya mnzawo woyandikana naye. Analemba mawu omwe aja pa tsamba laulere. Mayina anabwera mndandanda, ndipo la pamwamba linali la mmisiri wapafupi kwambiri.

Sipanathe mphindi zisanu, munthu anatulukira wapansi, chikwama chili pa phewa. Bwana Lipirani atamuona, hamala inamugwa m'manja. Anali bambo wa maloko uja.

Bamboyo anatsitsa chikwama chake. Anagwada, anatulutsa zipangizo zake, ndipo m'kanthawi kochepa chitseko chinatseguka.

Ku chipatala adokotala anafunsa funso limodzi: "Mwawapeza nthawi yanji?" Atamva yankho anapukusa mutu. "Ndi sitiroko imeneyi, ndipo imafuna changu. Ola limene mwatayalo linali lofunika kwambiri."

Gogo anapulumuka, koma mpaka lero sayankhula. Amangomuyang'ana mwana wawo.

Patapita masiku, Bwana Lipirani anapita kuseri kwa sitolo ya utoto kuja, manyazi ali tho.

"Achimwene, tsiku lija sindinakufunseni. Ndikupatseni zingati?"

"Pamene pali moyo wa munthu, ine sindinena kuti lipirani kaye," anayankha bamboyo. Kenako anapitiriza. "Koma chikundiwawa n'chakuti m'mawa wonse uja ndinali pakhomo pano, wopanda ntchito. Hamala yanu ndinkaimva bwinobwino. Ndinkayesa mukukhoma khola la nkhuku."

Bwana Lipirani anakhala pansi pa fumbi pomwepo, atagwira pakamwa.

Tsamba lake linatsekedwa chaka chomwecho. Ofufuza anali atachoka kale, ndipo olipira aja ataona kuti palibe akuwaimbira, nawonso anachoka.

Phunziro: Munthu akamafufuza, amafuna amene angamuthandize, osati amene analipira kuti aoneke. Tsamba lotsekera ena kunja limadzakusowetsa thandizo iwe mwini, n'chifukwa chake aulere amadzadza anthu pamene olipiritsa akuuma. Ndipo akunyumba akakulangizani, tamverani pomwepo, musadikire adokotala. Tumizirani nkhaniyi abale ndi anzanu, makamaka uja mukumudziwa amene chilichonse amati lipirani kaye.